Zitsulo za Malemu Sizigona ku Fakitale

Amuna anga malemu aMbewe, amene anakhala ku Joni zaka zoposa makumi awiri, anandiuza tsiku lina tikutong'ola chimanga pakhonde kuti, "Anasibeko, mukadzayenda njira ya ku Joni, muziopa munthu wothamangira kukunyamulirani katundu. Ameneyo sakukuthandizani, akuyeza kulemera kwake." Ndinaseka, poti kutali kumene ndinali nditafikako kunali ku Limbe. Sindinkadziwa kuti njirayo ndidzaiyenda ndili ndi imvi, iwo atagona kale.

Chinandinyamula ku Ntcheu ndi kalata ya mwana wanga Laitoni, chaka chotsatira chija tinavotera zipani zambiri. Laitoni amagwira ntchito ku Alrode, pa fakitale yomwe ankagwira bambo ake, yopanga matanki a madzi ndi madenga a mapikapu. Zinthuzi amaziumba ndi ulusi wa galasi ndi rezini, mankhwala onanda ngati uchi amene akauma amasanduka mwala. Rezini amakokedwa mumgolo ndi pampu, ndipo ntchito ya Laitoni ndi kusamala mapampu awiri akalekale. M'kati mwa pampu mumakhala mphete za chikopa zotseka kuti rezini asathawire m'mbali. Mphetezo anasiya kugulitsa kale. Bambo ake ankadula okha ndi zitsulo zimene anasula okha, ndipo pobwerera kumudzi anasiya mulu wa mphete koma zitsulozo anabwera nazo. Tsopano mulu uja unali utatha.

Kalatayo inati: "Amayi, pampu imodzi ikudontha. Ndayesa kudula mphete ndi mpeni, zakanika. Folomani wati ikapanda kuchira fakitale isanatsekere Khirisimasi, aitana kampani ina idzaike makina ake ndi anthu ake, ine ndiwone msewu. Tumizani bokosi la ababa kudzera kwa madalaivala a basi."

Kudzera kwa madalaivala. Bokosi limene ndinakwirira m'khola la mbuzi lisanafike tsiku lometa, pamene alamu anga anagawana njinga, wailesi mpaka jekete ya malemu. Ndilipereke kwa munthu amene sindidziwa ngakhale mfunda wake? Komanso Laitoni sankadziwa chinthu chimodzi. Bambo ake atabwerera ankakonza mijigo ya m'midzi yathu ndi zitsulo zomwezo, ine ndikugwira chikopa. Manja awo atayamba kunjenjemera, hamala ndinkamenya ndine.

Ndinagulitsa mbuzi zitatu, ndinapita ku Blantyre katatu kulondola pasipoti, ndipo mwezi wa Novembala, anzanga akudikira mvula yodzalira, ine ndinali pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Mwana wanga wamkazi analira kuti ndikafera m'njira. Ndinamuuza kuti amene anafera pamphasa ndi ambiri kuposa amene anafera mu basi.

Anati tifike ndi sikisi koloko. Basi inanyamuka dzuwa litapendeka. Nthawi yonseyo ankamangirira katundu: matumba a mpunga, madengu a usipa, ufa, mpaka mphasa. Bokosi langa ndi lachitsulo, lalikulu ngati Baibulo la paguwa, koma kulemera kwake ngati mwana wa zaka zitatu. Ndinalibereka kumbuyo ndi chitenje. Kondakitala anandiimitsa pakhomo.

"Agogo, katundu yense pamwamba."

"Uyu ndi mwana."

"Mwana wamakona anayi?"

"Anatengera bambo ake. Ndipatse njira."

Anthu anaseka, iye anapatuka. Pampando ndinapeza ndakhala ndi bambo wina wa ku Mangochi, wovala kachipewa koyera, dzina lake aJafali. Anati amapita ndi usipa kukagulitsa kwa a Malawi a ku Joni, pobwerera amatenga mabulangete. Tisanafike ndi pa Lunzu pomwe anati, "Amama, mwanayo akuthyolani miyendo. Ndimugwirireko." Ndinawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, ndinati mwana wanga amalira kwa alendo.

Pa boda ya Mwanza tinatsika tonse. Wofufuza katundu anati ndimasule, ndipo ndinamasula pamaso pa basi yonse: zodulira zisanu ndi zitatu zozungulira ngati timakapu takuthwa kukamwa, ndi zikombole ziwiri zopindira chikopa, chilichonse chokulungidwa m'kansanza ka mafuta.

"Izi ndi za chiyani, agogo?"

"Zodulira chikopa."

"Mumasoka nsapato?"

"Mukatero."

Anandilola, koma chinsinsi changa chinali chitatha. Maso makumi angapo anali ataona.

Pa Zobwe tinaimanso, anyamata osintha ndalama akugogoda mawindo. Kuchokera apo ndinaona nyumba zopanda madenga, makoma obooka ndi zipolopolo za nkhondo ya ku Mozambique ija. Tinagona pamipando m'njira. Kutacha tinali pamzere wa pa mlatho wa Tete, magalimoto akuwoloka mmodzimmodzi, ndipo ndinaphunzira kuti kutentha kumene timadandaula nako kwathu ndi masewera. Chitsulo cha bokosi chinkandiwotcha ntchafu kudutsa chitenje.

Titapitirira Tete, pamalo pamene panalibe nyumba koma milambe yokha, tayala lakumbuyo linaphulika. Tinatsika. Dalaivala ndi kondakitala anamasula manati onse kupatula imodzi, imene inakana. Anaipondera, anaithira mafuta, inangobulungika mutu. Ndinaona kondakitala akunong'oneza dalaivala, onse awiri akundiyang'ana. Ndinakhalira bokosi.

Dalaivala anabwera akupukuta manja. "Mayi, tibwerekeniko chitsulo chimodzi. Tingogogoda nacho nati ija, mphindi ziwiri."

"Mulibe tchizulo?"

"Tinaiwala."

"Ulendo wa mayiko anayi, mwakumbukira mphasa za anthu, tchizulo mwaiwala."

"Mayi, anthu akupsa apa."

"Chitsulo changa chimadya chikopa. Chikangolawa nati, kukamwa kwatha, ndipo amene anachisula ali kumanda. Ayi."

Pamenepo basi yonse inandiukira. Mayi wina wonenepa wa ndolo zazikulu anati anthu ngati ine ndi amene timamanga mvula kumudzi. Mwamuna wina anati angondinyamula ndi bokosi lomwe. Ndinamuuza kuti ayese, ndipo akayambe walembera mkazi wake kalata yotsanzika. Sanayese. AJafali okha anati, "Asiyeni amama, katundu ndi wawo," ndipo ine mumtima ndinati uyu akufuna ndimukhulupirire.

Tinakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafiira. Madzi anatha. Panali mtsikana wina wa khanda lolira mosalekeza, ndinamupatsa botolo langa lonse, chifukwa madzi ndikapeza ena. Anamwa osandiyang'ana kumaso. Magalimoto ankadutsa, ena kuima, ena ayi, mpaka lole ina ya ku Zimbabwe inatibwereka tchizulo. Nati inachoka pomenya kanayi. Koma pofika pa boda ya Nyamapanda tinapeza atatseka, ndipo tsiku lathunthu linatayika pamenepo. Aliyense ankadziwa kuti latayika chifukwa cha ndani. Inenso ndinkadziwa: chifukwa cha amene anaiwala tchizulo.

Dziko la Zimbabwe ndinalidutsa popanda wondilankhula. Pa Harare tinaima kumwetsa mafuta, anthu anapita kukasamba kumaso. Ine ndinalowa kuchimbudzi ndi mwana wanga kumbuyo, mayi wolipiritsa pakhomo akundidabwa. Nditabwerera aJafali anandipatsa banzi ndi tiyi wa m'kapu ya pulasitiki. Ndinanyema banziyo pakati, ndinawapatsa theka, ndinadikira ameze. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Amama, inu mukanakhala msilikali nkhondo ija ikanatha msanga."

"Idyani, mukutaya nyenyeswa."

Pa Beitbridge ndi pamene ndinaona mzere weniweni. Katundu yense anatsitsidwa, madengu a aJafali anatsegulidwa padzuwa, fungo la usipa linatiperekeza mpaka pawindo la zidindo. Tinaima maola amene sindinawerenge, miyendo yanga itatupa ngati mitondo. Wa pawindo anandifunsa chimene ndikukachita. Ndinati kukaona adzukulu, ndipo sindinaname, alipo awiri. Anadinda masiku ake.

Za mbali ya kuno ndilibe zambiri: msewu wosalala, mipanda ya waya yosatha, kenako nyumba zazitali. Pa Park Station Laitoni panalibe. Anali atadikira dzulo lake tsiku lonse, ndipo sakanajombanso kuntchito. Keyala yake ndinali nditailoweza pamtima, pepala ndinawotcha kumudzi. AJafali anasiya madengu awo ndi mnzawo, anandiyendetsa pakati pa chinamtindi cha anthu mpaka pa matakisi a ku Germiston, anauza dalaivala m'Chizulu kumene nditsikire, anabwerera. Sanapemphe kanthu. Mpaka lero sindinapeze chimene ankafuna.

Laitoni amakhala ku Elsburg, m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizungu. Mpongozi wanga anandilandira bwino, adzukulu anandilonjera m'chilankhulo chimene sindinamve. Laitoni atafika madzulo anagwada, anandifunsa za kumudzi mafunso awiri, lachitatu linali la bokosi. Anatambasula manja. Ndinati likhala pansi pa mutu wanga, andionetse kaye zimene anadula yekha.

Anatulutsa m'thumba la ovolosi. Anali atadula lamba wa buluku, wopaka utoto, wouma gwa.

"Unaika chonchi, osanyika?"

"Kunyika m'chiyani, amayi?"

"Zaka ziwiri ukuika mphete za bambo ako, sunadzifunse chifukwa chake zinkakhala m'chitini cha mafuta?"

"Ndinkayesa n'kuopa dzimbiri."

"Chikopa chichite dzimbiri, iwe Laitoni?"

M'mawa mwake mpongozi anandiperekeza kwa wosoka nsapato wa ku Mozambique pafupi ndi siteshoni ya Germiston. Anandionetsa chikopa cha pamimba, chofewa, chotambasuka. Ndinakana. Ndinafuna cha pamsana, chopanda utoto, chokhuthala ngati chikhadabo cha chala chachikulu chikaimikidwa. Ndinachipinda, ndinachinunkhiza, ndinasankha. Kunyumba ndinatseka chitseko, ndinaika thabwa pansi. Chodulira chachikulu chimadula kunja, chaching'ono m'kati, ndipo umamenya kamodzi. Ukamenya kawiri mkombero umachita manomano, rezini amapeza njira. Kenako mphete umainyowetsa, umaipanikiza m'chikombole kuti ipindike ngati kambale, ikauma umainyika m'mafuta a makina tsiku lathunthu.

Laitoni anati ndidule za mapampu onse awiri kamodzi, poti inayonso yayamba kulira. Ndinadula za imodzi. Anafunsa chifukwa chake, ndinati dzanja latopa.

Tsiku lomanga pampu ndinati ndipita nawo. Anati akazi ovala zitenje salowa. Tinakwera matakisi awiri mpaka Alrode, ndipo mlonda wa pachipata anandiimitsa. Ndinakhala pa njerwa, bokosi kumbuyo, chitini cha mphete pamiyendo. Laitoni analowa, anatuluka, anapempha chitini. Ndinati chimalowa ndi mwini wake. Ndinadikira maola awiri, ndikuona malole akutuluka ndi matanki, fungo la rezini likundiluma m'maso. Potsiriza kunabwera folomani, mzungu wamtali wofiira khosi, anandiyang'ana, anaseka, anati, "Woza, Magogo," ndiye kuti bwerani, agogo.

Pampu inali pa tebulo yachitsulo, yomasulidwa kale, zidutswa zake zitagona m'beseni la asetoni, mankhwala osungunula rezini. Ndinkaidziwa ngakhale ndinali ndisanaione, chifukwa malemu ankaijambula pa dothi. Pakati pali ndodo yachitsulo yonyezimira imene imakwera ndi kutsika, pansi pali timipira tiwiri tachitsulo totseka ndi kutsegula njira. Pa ndodoyo panali potsalira rezini wouma. Laitoni anatola sikuludilaiva kuti apale. Ndinamumenya padzanja, anzake onse akuona.

"Ukakanda ndodoyo, kamzere kamodzi kadya mphete zanga sabata isanathe. Pala ndi thabwa."

Anapala ndi thabwa, makutu atamuima. Ndinati aike timipira pamipando yake, athire asetoni pamwamba, tione ngati akudutsa. Kamodzi kanali kabwino, kena kanali ndi kachilema, anasintha. Mphete ndinamupatsa imodziimodzi: za kukhosi kwa pampu kukamwa kuyang'ana pansi, za pa ndodo kukamwa kuyang'ana kumwamba, kuti rezini akamakankha azizitsegula zigwire khoma. Nati ya pakhosi anafuna kuimanga ndi mphamvu zonse. Ndinati amange ndi dzanja, awonjezere pang'ono ndi sipanala, aleke. Chikopa ukachifinya tsiku loyamba, mawa ulibenso pomangira.

Anaimika pampu pa mgolo, analumikiza paipi ya mpweya. Inayamba kupuma, tsi, tsi, tsi, rezini anatuluka kumapeto kwa paipi wosadukiza. Tinayang'ana pakhosi. Panali pouma. Folomani anapitapo chala, anachiyang'ana, anagwedeza mutu. Ndinamuuza Laitoni kuti madzulo aliwonse azitsuka ndi asetoni mpaka atuluke woyera, ndipo kakapu ka pakhosi kasaume mafuta. Anati zimenezo akudziwa. Ndinati za lamba wa buluku ankadziwanso.

Ndiye folomani analankhula zazitali, akuloza kumsana kwanga. Laitoni anamasulira akuyang'ana pansi.

"Akuti zikomo. Akuti bokosilo lizikhala mu stolo ya fakitale, mokhoma, kuti lisasowe."

"Ndani anayamba kunena za bokosi, iwe kapena iye?"

Anati, "Iwo. Ndi amene anati ndilembe kalata. Ndinawalonjeza, amayi."

Ndinayang'ana m'fakitalemo. Amuna oposa khumi, aliyense wamanja awiri.

"Mwa awa, ndi angati amene sangathe kumenya hamala pa chodulira?"

"Onse angathe."

"Ndiye bokosi likagona mu stolo, iwe ukhala wa chiyani? Bambo ako ankabwera nalo kunyumba tsiku lililonse, unkayesa ankalikonda ngati mkazi?"

"Amayi, mundichotsetsa ntchito."

"Muuze kuti ayi."

Analankhula naye, koma mawu anali ambiri kuposa ayi, ndipo ankamwetulira. Ndinadziwa kuti akuthira shuga. Malemu anandisiyira mawu ochepa a Chifanakalo cha kumigodi, ndinatenga limodzi, ndinayang'ana folomani m'maso, ndinati, "Aikona." Ndinamanga chitenje, ndinatuluka pachipata.

Madzulo Laitoni anabwera ndi ovolosi m'manja. Anali atauzidwa kuti asabwerere mpaka abwere ndi bokosi. Sanandilankhule. Mpongozi ankandiikira chakudya osanena kanthu, ana anauzidwa kuti azisewera panja. Tsiku lachitatu ndinadzidzimuka masana ndikuwodzera, ndinapeza Laitoni ataima pafupi ndi mphasa yanga, maso ali pa bokosi. Ndinati, "Tenga. Koma ukapita nalo usadzabwere kudzandiika." Anatuluka. Ndisaname, masiku amenewo ndinakayika. Ndinkaona nsapato za adzukulu zong'ambika, ndinkadzifunsa ngati ndawoloka mayiko anayi kudzamwaza banja la mwana wanga. Koma ndinkadziwa kulira kumene ndinamva pa pampu yachiwiri ija tili m'fakitale. Inali ikumeza mpweya.

Tsiku lachisanu ndi chinayi pikapu inaima pachipata. Folomani sanatsike, analiza hutala. Laitoni anathamangirako, anabwerera akupuma mofulumira. Pampu yachiwiri inali itataya rezini pansi ponse, matanki a Khirisimasi atatsala theka, ndipo kampani ina ija sikanabwera chaka chisanathe. Ndinati amuuze kuti mphete zifika mkucha, chifukwa chikopa sichidziwa kuti mzungu akufulumira, ndipo zifika m'thumba la Laitoni, wovala ovolosi yake. Pikapu inakhala pamenepo injini ikulira. Kenako folomani anatulutsa dzanja pawindo, anakodola Laitoni kuti akwere.

Papita miyezi isanu ndi inayi. Laitoni ali pantchito, mapampu onse awiri akupuma tsi, tsi, tsi. Miyezi itatu iliyonse ndimatseka chitseko ndi kudula za pampu imodzi, osapitirira. Mwana wanga amandilonjera m'mawa ndi madzulo, zapakati palibe. Ndamuuza kuti ndidzamuphunzitsa kumenya tsiku limene ndidzaone kuti angathe kukana bwana wake osamwetulira, ndipo tsikulo silinafike. Tikiti yobwerera inatha ntchito. Za masiku a m'pasipoti musandifunse. Munda wanga ndikumva kuti alamu anadzalamo fodya, nkhani imeneyo ndidzaipeza.

Kuzizira kwa kuno kwandilowa m'mawondo, ndipo tsiku limatha ndisanalankhule Chichewa ndi munthu wamkulu. Choncho inu amene mukuwerenga, mukafika ku Joni, kwerani takisi ya ku Germiston, mufunse a Malawi opemphera Lamulungu kumeneko za Nasibeko wa ku Ntcheu, akulozerani. Mubwere dzuwa lili pamutu, muime patali ndi chipata kuti ndikuoneni bwino, munene mudzi wanu ndi mfunda wanu. Tiyi ndikupatsani, ndipo mukhala pa mpando. Ine ndikhala pamene ndimakhala, pa bokosi.